Kane sanalakwitse kupita ku Bayern

Achimwene, mwafunsa ngati Harry Kane anaphonya posankha Bayern Munich mu 2023 m'malo mopita ku Manchester United, komanso ngati ndi iyeyo anachotsetsa ntchito kochi wa Bayern, Thomas Tuchel. Ine ndikuti ayi ndithu.

Taonani, munthuyu anali ndi zigoli 213 mu Premier League, Alan Shearer, amene anamwetsa zambiri kuposa onse, ali ndi 260, akanakhala ku England mbiri imeneyo akanaiphwanya mwina, koma zaka zonse zija ku Tottenham osanyamulako chikho ngakhale chimodzi, inu mukanatani? Wafika ku Germany season yoyamba yomweyo wamwetsa zigoli 36 mu ligi. Zoti Bayern inataya ligi itaitenga ka 11 motsatizana sizikumukhudza iye, Leverkusen ya Xabi Alonso chaka chimenecho sinagonje gemu ndi imodzi yomwe mu ligi, palibe akanaigwira.

Nkhani ya kochi ndiye imandiwawa. Timu ikagula straika wodula, mabwana amafuna zikho pompopompo, ndiye zikavuta amene amapita ndi kochi chifukwa osewera 25 sungawachotse tsiku limodzi. Mu February 2024 analengeza kuti Tuchel achoka season ikatha, pomwe vuto linali kumbuyo, ma difenda kumangotaya mpira mwachisawawa. Kane akanatchinga bwanji zigoli ali kutsogolo?

Ku United anagula Hojlund, mwana wamng'ono, anamwetsa zigoli 10 mu ligi season yoyamba, kochi wawo Ten Hag naye anachotsedwa mu October 2024. Kane akanapita kumeneko akanangovutika. Koma ku Bayern, mu 2025 ananyamula Bundesliga, ligi ya ku Germany, ndi kochi watsopano Kompany.