Funsani dokotala: Kodi chipinda cha okosijeni chimachiza multiple sclerosis?

Funso: A dokotala, mchemwali wanga amene amakhala ku Britain anapezeka ndi matenda a multiple sclerosis zaka zitatu zapitazo. Miyendo imamuchita dzanzi ndipo sachedwa kutopa. Anzake akumuuza kuti azikalowa m'chipinda chopumiramo okosijeni, moti akuganiza zosiya jakisoni wake. Kodi timulole?

Yankho: Jakisoniyo asasiye ayi, ndipo chonde mumuuze zimenezi lero lomwe.

Pa matendawa, chitetezo cha m'thupi chimaukira myelin, kachikuto kamene kamakuta mitsempha yotumiza mauthenga mu ubongo ndi mumsana. Kachikutoko kakawonongeka, mauthenga amachedwa kapena safika n'komwe, n'chifukwa chake munthu amamva dzanzi, kufooka, ngakhalenso kuona mwachimbuuzi.

Chithandizo chimene mwatchulacho chimachitika chonchi: wodwala amakhala m'chipinda chachitsulo chotsekedwa zolimba, chimene amapoperamo mpweya mpaka kupanikizika kwake kufike pafupifupi kawiri poyerekeza ndi kwa panja, ndipo iye amapuma okosijeni kwa ola limodzi kapena kupitirira, akumeza malovu pafupipafupi kuti makutu asatsekeke. Chithandizochi si chachinyengo. Chimathandizadi anthu amene akomoka ndi mpweya wa poizoni wa makala atagona ndi mbaula m'nyumba yotseka, osambira pansi pa nyanja amene avuuka mofulumira kwambiri, komanso ena a matenda a shuga amene zilonda za kuphazi zikukana kupola.

Nanga pa multiple sclerosis? Chiyembekezo chinakula mu 1983, pamene Boguslav Fischer ndi anzake ku New York anafalitsa kafukufuku wa odwala 40 m'magazini ya New England Journal of Medicine, woonetsa ngati ena apezako bwino. Ku Britain kunatsegulidwa malo ambiri oyendetsedwa ndi mabungwe achifundo, ndipo ena akugwirabe ntchito mpaka pano. Koma ofufuza ena atabwereza ntchitoyi, phindu lija silinaoneke. Mu 2004 bungwe la Cochrane, limene limaunika zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa kafukufuku 9 wokhudza odwala 504, ndipo silinapeze umboni wodalirika woti okosijeniyu amachepetsa kulumala kapena kuletsa matendawa kukula. Bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za ku England, nalonso linanena mu 2022 kuti chithandizochi chisaperekedwe pofuna kuthetsa kutopa kwa odwalawa.

Anzake a mchemwali wanuwo sindikunena kuti akunama. Matendawa ali ndi khalidwe lobwera n'kubwerera: munthu amadwalika kwa masabata angapo, kenaka n'kupezako bwino payekha, choncho n'kwapafupi kuyamikira chilichonse chimene anachita panthawiyo. Kucheza ndi odwala anzako mlungu uliwonse nakonso kumalimbitsa mtima, ndipo zimenezo sindizipeputsa. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti matendawa amatha kumawononga ubongo mwakachetechete pamene munthu akudzimva kuti ali bwino.

Mankhwala otsimikizika alipo. Interferon beta inavomerezedwa ku America mu 1993, ocrelizumab mu 2017, ndipo mu 2023 bungwe la WHO linaika cladribine, glatiramer acetate ndi rituximab pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Ngati jakisoni akumuvutitsa, auze dokotala wake wa za ubongo kuti aone ngati angamusinthire wina.

Akafunabe kuyesa chipindacho, ayambe wayezetsa makutu ndi mapapo, chifukwa kupanikizika kwa mpweya kumatha kuboola nembanemba ya m'khutu, kusokoneza maso kwa kanthawi, ndipo mwa apo ndi apo kumagwetsa munthu ngati wa khunyu. Amene mapapo ake anaphwapo asalowemo asanaonedwe ndi dokotala.