Musadule msangu, musaphe nyerere: mayankho kwa alimi a ku Lilongwe

Mvula ya chizimalupsa yadutsa, ndipo kulikonse kumene ndayenda, ku Mpingu, Mitundu ndi Malingunde, anthu ali kalikiliki kusosa ndi kugalauza. Pa mafunso amene ndalandira m'makalabu ndatolapo anayi, chifukwa onse akunena chinthu chimodzi: mlimi akufuna kuchotsa kanthu m'munda kuti akolole zambiri, osadziwa kuti kanthuko n'kamene kakumulimira ganyu wopanda malipiro.

Bambo wina wa ku Mpingu wafunsa kuti: "M'munda mwanga muli misangu itatu. Mwana wanga akuti tidule, tigulitse nkhuni, ndalamayo tiwonjezere pogula feteleza. Ndimumvere?"

Bambo, nkhwangwayo muibise. Msangu ndi mtengo wochita zosemphana ndi inzake. Mvula ikamagwa umayoyola masamba, n'kudzaphukanso chilimwe. Ndiye nthawi imene chimanga chikufuna dzuwa, iwo ulibe mthunzi, ndipo masamba aja akuolera pansi n'kusiya nayitrojeni, chakudya chomwe chija mumakagula m'thumba la Urea. Mizu yake imapita pansi kwambiri, sipikisana ndi chimanga pa madzi. Mu Febuluwale mukaime pansi pa msangu umodzi ndi mwana wanuyo, muyang'ane mtundu wa masamba a chimanga, kenako muyende mapazi makumi awiri kuchoka pamenepo muyang'anenso. Mkanganowo ukathera pomwepo. Nkhuni za mitengo itatu mugulitsa kamodzi, feteleza wake n'kutha chaka chomwecho, pamene msangu wina kuti ufike msinkhu umenewo mudzakhala mutatenga ndodo.

Sindikunena kuti mtengo uliwonse ndi wabwino m'munda. Bulugamu amamwa madzi ambiri, malo ake ndi kutali ndi mizere. Mango ali ndi mthunzi wochindikala, amafuna kusadzira. Ndiponso msangu sulowa m'malo mwa feteleza yense, umangochepetsa njala ya nthaka. Ngati mukufuna zofulumira, bzalani gilisidiya, muzidula masamba ake n'kukwirira m'mizere, kapena sakanizani chimanga ndi nandolo. Zitsa zimene zikuphukira m'malire musazule: siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo dulani. Mtengo wophukira wokha uli kale ndi mizu, sufa ngati mbande za kunazale zimene timabzala ndi nyimbo mu Disembala, pofika Seputembala mbuzi zitamaliza.

Mayi wina wa ku Mitundu akuti chaka chatha mbozi zinamuvuta, ndiye chaka chino akufuna kupopera mankhwala sabata iliyonse chimanga chikangomera.

Amayi, ndikumvetsa mantha anu. Mbozi za fall armyworm, zomwe ambiri akungozitcha ntchemberezandonda, zitalowa m'dziko muno zinasakaza kwambiri, mpaka mu Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi. Koma kupopera sabata iliyonse n'kutaya ndalama, komanso n'kupha asilikali anu omwe. Mankhwala sasankha. Amapha mbozi, amaphanso nyerere, mavu ndi akangaude amene amadya mazira ndi timbozi tating'ono. Adaniwa akatha, mbozi zimabwerera munda uli pululu, wopanda mlonda.

Chofunika ndi maso. Kawiri pa sabata, m'mamawa, yendani m'munda muzisuzumira mumtima mwa chimanga. Mukaona timawindo towala pa tsamba ndi ndowe zonga utuchi wonyowa, mbozi ili momwemo. Ikakula imakhala ndi chizindikiro chonga chilembo Y chozondoka pamutu. Mazira amaunjikana pa tsamba, atakutidwa ndi kaubweya kotuwa. Aphwanyeni ndi chala. Mumtimamo thirani dothi kapena mchenga pang'ono. Alimi ambiri amawaza msuzi wa usipa kapena bonya wothira shuga kuti nyerere zikwere chimanga zikakoke mbozi. Ena amaseka njira imeneyi, koma nditakweza nawo phesi lothiridwa msuzi dzulo lake, n'kuona nyerere zikutsika ndi mbozi ngati zanyamula maliro, kuseka kumachepa.

Zikapyola muyeso, poperani, koma mankhwala ovomerezeka, muyeso wolembedwa pa botolo, kuloza mumtima mwa chimanga, ndipo madzulo. Ndikuti madzulo chifukwa cha maungu amene mwabzala m'mizeremo. Duwa la dzungu limatseguka m'mawa, ndipo lilipo lachimuna, lilipo lachikazi, lija lokhala ndi kadzungu kumunsi. Popanda njuchi yonyamula mungu kuchoka ku lina kupita ku linzake, kadzunguko kamasanduka chikasu n'kugwa. Mpendadzuwa ndi nkhaka nazonso zimadalira njuchi zomwezo. Mukamaliza, sipuleya musakatsukire kumtsinje kapena pamjigo.

Funso lachitatu ndi limene limandivuta kuyankha, chifukwa ndikudziwa mmene malo achepera. Mnyamata wina wa ku Malingunde ali ndi dimba la tomato ndi kabichi, ndipo akuti: "Dothi labwino lili m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Ndilisiyirenji bango?"

Achimwene, mwanena zoona, dothilo ndi labwino. Koma dzifunseni kuti linakhala bwanji pamenepo. Ndi bango lomwelo limene linkagwira matope madzi akasefukira. Mukalizula, chaka choyamba tomato amabereka mpaka kuthyola mitengo yake. Chaka chachiwiri gombe limayamba kugumuka, ndipo pakatha zaka zochepa mabedi awiri oyambirira ali m'madzi, m'malo mwa dothi lakuda mwatsala mchenga. Dothi lanulo silisowa kopita. Mtsinje wa Lilongwe, wochokera m'nkhalango ya Dzalanyama, umalitengera m'madamu awiri a Kamuzu omwe ali kwanu konko, amene amamwetsa mzinda wa Lilongwe. Timakonda kuloza chala owotcha makala ku Dzalanyama, ndipo n'zoona awononga, koma khasu la m'mphepete mwa mtsinje nalonso likukwirira damu mwakachetechete.

Malangizo anga ndi akuti musiye mamita osachepera 10 kuchoka pagombe, ndipo pamene pali potsetsereka muwonjezere. Malowo sakhala ogona. Mzere woyamba ikani vetiva, amene mizu yake imaluka dothi ngati nkhata. Kumbuyo kwake nsenjere, zoti muzidulira mbuzi ndi ng'ombe. Mkuyu kapena katope ngati alipo asiyeni, ndipo nsungwi zidzakupatsani zomangira tomato yemweyo. Vuto n'lakuti munthu mmodzi sangateteze mtsinje. Inu mukasiya, wakumtunda n'kulima mpaka m'madzi, gombe lanu lidyedwabe. Nkhaniyi ipite kwa amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi kuti malire akhale amodzi kwa onse. Midzi yathu imadziwa kale kusunga mitengo: nkhalango za kumanda zaima mpaka lero pakati pa minda yoyera chifukwa mudzi unagwirizana kuti kumeneko nkhwangwa silowa chisawawa.

Lomaliza lachokera kwa agogo ena a ku Mitundu, amene amaotcha mapesi poopa chiswe.

Agogo, chiswe chimakonda zouma. Chikapeza mapesi ogona pansi chimatanganidwa nawo, n'kuwasandutsa dothi. Mukaotcha, chimasowa chakudya n'kutembenukira ku chimanga chomwe chaima, makamaka mvula ikadula. Phulusa la moto mphepo imaulutsa, pamene phesi lophimbira limasunga chinyezi masiku a ng'amba. Ngati simukuchita ulimi wa mtayakhasu, kwirirani mapesiwo m'makwawa pogalauza. Adzukulu osaka mbewa muwauze akumbe ndi khasu kapena atchere misampha, machesi asiye kunyumba. Ndipo kadzidzi amene amalira mu mtengo wa kuseri kwa nkhokwe musamugende. Ndikudziwa zimene timanena za mbalame imeneyi, koma usiku wonse imakhala ikusaka makoswe omwe akukuboolerani matumba.