Kodi tisamukire pafupi ndi malo achisangalalo?

Mayi wina wa ana awiri wanditumizira imelo. Akuti apeza nyumba ya lendi m'kadera kakang'ono ka mabanja, m'kati mwenimweni mwa mzinda, pafupi ndi paki, bwalo la zamasewero komanso nyumba yosungiramo zinthu zakale. Nyumbayo ndi yocheperako, lendi yake ndi yokwererapo. Akufunsa ngati n'kwanzeru kusamukirako chifukwa cha anawo.

Mayi, malo okopa alendowo asakutengeni mtima. Kokaona zinthu zakale mudzapitako mwezi woyamba, kenako basi mpaka kutabwera alendo. Koma khamu lopita kumaloko lizidzadutsa pakhomo panu sabata iliyonse, mufune musafune. Tsiku la mpira magalimoto amatsekereza mpaka pageti, ndipo kukakhala zoimbaimba, khanda siligona.

Ine ndikadayamba ndi msewu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ngozi zapamsewu ndi zimene zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. N'chifukwa chake mayiko atakumana mumzinda wa Stockholm ku Sweden mu 2020 adalimbikitsa kuti pamene anthu oyenda pansi amasakanikirana ndi magalimoto, liwiro lisamapitirire makilomita 30 pa ola. Ndiye kaimeni pamphambano nthawi yoweruka kuntchito. Tumisewu tina timaoneka tofatsa masana, koma madzulo madalaivala othawa mzere wa magalimoto pamsewu waukulu amadulira momwemo, ali liwiro la mtondo wadooka. Onani ngati pali mahampu, poolokera, ndi kanjira ka oyenda pansi kosatsekedwa ndi magalimoto oimikidwa. Mwana wanu wamkuluyo mungamutume kutsidya mtima uli m'malo?

Usiku wa Lachisanu mukapitekonso, mukalowe kuchipinda chogona, mutseke zenera, mumvetsere.

Pa zonse mwatchulazo, chopindulitsa banja tsiku ndi tsiku ndi pakiyo. Ngati ana angakafike wapansi n'kukathamanga mpaka kutopa, kuchepa kwa nyumba sikupweteka kwenikweni. Carlos Moreno, mphunzitsi wa payunivesite ku Paris, adatchukitsa ganizo loti sukulu, chipatala, msika ndi posewerera zizipezeka pa mtunda wa mphindi 15 kuchokera pakhomo, poyenda wapansi kapena pa njinga. Ganizo labwino ndithu, kungoti mphindi 15 za munthu wamkulu, zomwe ndi kilomita imodzi kapena kupitirirako pang'ono, si za mwana wa zaka zitatu amene amaima kutola kamwala kalikonse. Mtundawo mukauyese muli nawo anawo.

Chomaliza, chezani ndi kholo limodzi la m'deralo, osati mwini nyumba. Madera oyandikana ndi malo otchuka, nyumba zambiri zimasanduka zogona alendo a masiku ochepa, ndipo mwana amasowa mnzake wokhazikika wosewera naye. Mukapeza kuti mabanja akhalamo zaka, ana akusewera panja madzulo, msewu ndi wofatsa ndipo sukulu n'njofikika wapansi, samukani. Za lendi yokwerayo, muchotserepo kaye ndalama ya mayendedwe imene muzipulumutsa mwezi uliwonse, kenako muone ngati thumba lilola.