Magazini ya alimi m'Chinyanja: ndani adzalipira?

Bambo ena a ku Chelstone, amene anapuma pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi, anditumizira imelo. Akuti ali ndi kandalama ka penshoni ndipo akufuna kuyambitsa magazini ya ulimi m'Chinyanja, yoti izigulitsidwa muno mu Lusaka ndi kum'mawa konse mpaka ku Lundazi. Funso lawo n'lakuti kodi bizinesi yotere imabweza ndalama? Iwo akuona kuti msika ulipo kale poti alimi ndi ambiri.

Bambo, alimi ndi ambiri ndithu, koma amene amalipira nkhani za ulimi si mlimi ayi. Mlimi wa ku Nyimba amamva uphungu kwaulere pa wailesi, kwa alangizi, ndiponso ku koparetivu akamakambirana za FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi feteleza ndi mbewu. Boma, kudzera ku NAIS, nthambi yake yofalitsa nkhani za ulimi, lakhala likuulutsa mapulogalamu a ulimi pa ZNBC kwa zaka zambirimbiri osamulipiritsa. Ndiye inu mukamuuza kuti atulutse ndalama ya sopo agule pepala, mukupikisana ndi chinthu chaulere. Ndalama yeniyeni imachokera kwa otsatsa malonda: makampani a mbewu monga Seed Co ndi Zamseed, ogulitsa feteleza ndi mankhwala ophera mbozi, mabanki, ndi mabungwe amene ali ndi uthenga woti ufike kumudzi.

Tsono anthu amenewa ali ndi nyengo yawo. Kuyambira Seputembala mpaka Disembala amakusakani okha, chifukwa aliyense akufuna mbewu yake imveke mvula isanagwe. Mlimi akangobzala, foni imakhala chete. Kamphepo kena kamabwera cha mu Epulo pa chionetsero cha zaulimi cha Agritech Expo ku Chisamba, kenaka pa chionetsero cha ku Showgrounds kumayambiriro a Ogasiti, basi. Koma lendi, malipiro a olemba nkhani ndi ndalama yosindikizira zimafunika mwezi ndi mwezi. Kampani ya nkhani za ulimi imadya ngati mlimi weniweni: imakolola kamodzi, n'kumapimira nkhokwe chaka chonse.

Ndipo chilala chikagwa, chimagwera onse. Mu Febuluwale 2024 a Pulezidenti Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka ngozi ya dziko lonse, ndipo chimanga chimene chinakololedwa chaka chimenecho chinali pafupifupi matani 1.5 miliyoni, osafika ndi theka la chaka cham'mbuyo. Mlimi wopanda ndalama sagula mbewu yodula, ndipo kampani ikaona malonda atsika, choyamba kudula ndi ndalama yotsatsira. Chaka chomwecho madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola oposa 17 pa tsiku, moti mawailesi ankakhalira dizilo wa jenereta. Ndalama yolowa inachepa pa nthawi yomwe yotuluka inakwera.

Za pepala lenilenilo ndisakubiseni, sindikulilimbikitsa. Zipangizo zosindikizira zambiri zimagulidwa kunja ndi madola, ndiye Kwacha ikagwa mtengo wosindikiza umakwera. Kulitumiza ku Chipata pa Great East Road, mtunda woposa makilomita 550, ndi ndalama ina. Kulifikitsa ku Chadiza kapena ku Vubwi ndi ina. Kutolera ndalama kwa ogulitsa ndiye mutu weniweni. Boma lenilenilo linali ndi nyuzipepala ya Chinyanja, Tsopano, pamodzi ndi Imbila ya Chibemba ndi Liseli ya Chilozi. Dzifunseni kuti munaiona liti komaliza kwa ogulitsa manyuzi mu Cairo Road. Magazini ya bungwe la alimi la ZNFU, Zambian Farmer, ili ndi potsamira: ili ndi bungwe kumbuyo, ndipo owerenga ake ambiri ndi alimi akuluakulu a ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka, anthu ogula mathirakitala ndi makina othirira. Wogulitsa thirakitala amalipira tsamba lonse kuti afike kwa anthu ochepa amenewo. Wowerenga wanu wa maekala awiri sadzamukopa.

Chimene chagwira kum'mawa ndi wailesi. Onani Breeze FM ya ku Chipata, imene anayambitsa a Mike Daka ndipo yatha zaka zoposa 20 ikuulutsa. Wailesi ya m'dera imatola pang'onopang'ono m'malo ambiri: zidziwitso za maliro, ng'ombe zosowa, moni, mapulogalamu a mipingo, andale pa chaka cha masankho, ndi mapulogalamu olipiridwa ndi mabungwe, monga Farm Talk ya COMACO, bungwe logwira ntchito ndi alimi posamala zachilengedwe. Ulimi ndi gawo limodzi chabe la chakudya chake, n'chifukwa chake imapirira miyezi ya chete ija. Koma musathamangire kutsegula yanu. Pali laisensi ya IBA (bungwe loyang'anira mawailesi), malipiro a ku ZICTA (loyang'anira za mauthenga), mlongoti, zoulutsira mawu. Penshoni ingathere pamenepo musanalankhule liwu limodzi.

Ndikanakhala inu ndikanagula mphindi 30 pa sabata pa wailesi imene ilipo kale, ku Chipata, Katete kapena Petauke, n'kupeza makampani awiri oti alipire nthawiyo. Katundu wanu wamkulu ndi zaka zanu za ulangizi komanso kukhala kwanu mu Lusaka. Mlimi wa tomato ndi anyezi amafuna kudziwa mtengo wa bokosi pa Soweto Market m'mawa uno asanakweze katundu pa lole, ndipo wa soya amafuna kudziwa amene akugula ndi mtengo wake asanakumane ndi ogula oyendayenda. Zimenezo mutha kuzitumizanso pa WhatsApp ngati mawu ojambula, poti si onse amawerenga bwino.

Chenjezo lili pawiri. Pangano lililonse likhale lolemba, ndipo theka la ndalama alipiretu, chifukwa mu bizinesi imeneyi ambiri amagwa ndi nkhongole za otsatsa amene amalipira patapita miyezi. Chinanso, musadalire kampani imodzi ya mbewu. Tsiku limene mlimi adzaimbe foni pa pulogalamu kudandaula kuti mbewu yawo sinamere, mudzafunika kukhala ndi wolipira wina kuti muthe kumusiya amalize kulankhula.