Tayala Likaphwa Panjira, Ndiyambire Pati?

Funso: Akonzi, ndangotenga kumene laisensi ndipo sindinasinthepo tayala ndi kamodzi komwe. Mu buti muli jeke, sipanala ndi tayala la sipeya, koma sindidziwa choyambirira kugwira. Ndimaopanso kuti galimoto ingandigwere. Ndithandizeni. — *Dalaivala watsopano*

Yankho: Mantha anuwo ali m'malo mwake, chifukwa galimoto imagwadi pa jeke. Koma nthawi zambiri imagwa chifukwa munthu wasokoneza ndondomeko. Gwirani mfundo iyi kaye: manati amamasulidwa tayala lili pansi, ndipo amamangidwa komaliza tayala lili pansi.

Mukamva chiwongolero chikukokera mbali imodzi, musaponde buleki mwadzidzidzi. Chotsani phazi pa moto, liwiro lichepe lokha, n'kupatukira pamalo athyathyathya ndi olimba, kutali ndi pokhota msewu. Kuli bwino kukwawa mamita 100 ndi tayala lakuphwa kusiyana ndi kujeka pamtsetse. Yatsani mahazadi, kokani handibuleki mpaka pamapeto, zimitsani injini, lowetsani giya yoyamba (ngati ndi otomatiki, ikani pa P). Onse atsike akaime kutali ndi msewu. Ikani matrayango kutsogolo ndi kumbuyo, pamtunda wa mamita pafupifupi 45. Kenako pingani ndi miyala tayala lopingasana ndi lakuphwalo: likaphwa lakumbuyo kumanzere, miyala ipite kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala lakutsogolo kumanja. Ambiri amadumpha pamenepa, osadziwa kuti pa galimoto zambiri handibuleki imagwira matayala akumbuyo okha, ndiye mukakweza kumbuyo mwachotsa theka la mphamvu yake.

Tulutsani sipeya ndi zida zonse musanajeke. Lowetsani sipanala mu nati mpaka ikhazikike yonse, chogwirira chake chiloze kumanzere kwanu, n'kukanikizira pansi. Nati iliyonse ingotembenuka theka basi, musaichotse. Mukayesa kumasula tayala lili m'malere, limangozungulira, ndipo kukankha kwanuko n'kumene kumapendeketsa jeke.

Tsopano gwadani musuzumire kunsi kwa zitseko. Muona mzere wa chitsulo chopindidwa kuchoka kutayala lakutsogolo kufika lakumbuyo, ndipo pafupi ndi tayala lililonse pali timipata tiwiri kapena kachizindikiro. Mutu wa jeke ukhale pamenepo, chifukwa ndi pomwe analimbitsa kuti pasenze galimoto. Mukaika pena, chitsulo chimabonyoka ndipo jeke imaterereka. Pansi pakakhala pofewa, yalani thabwa lochindikala. Njerwa ayi, imaphwanyika mosachenjeza. Jekani pang'onopang'ono mukuyang'ana ngati jeke ikukwera choongoka. Ikayamba kupendama, tsitsani muyambirenso. Kwezani mpaka tayala lisiyane ndi nthaka ndi masentimita 3 kapena 5, poti sipeya yodzaza mpweya ndi yaitali kuposa lakuphwalo. Goneketsani sipeyayo kunsi kwa galimoto pafupi ndi jeke, kuti jeke ikakana galimoto igwere pamenepo. Mutu, mkono kapena mwendo wanu zisalowe kunsi ngakhale kamphindi.

Chotsani manati onse, muwaike pansalu kapena m'thumba kuti asalowe mchenga. Kokerani tayala kwa inu ndi manja awiri, kenako sinthanitsani: lakuphwa lilowe kunsi, sipeya ituluke. Pukutani dothi ndi dzimbiri pomwe limu imagunda, lunjikitsani mabowo ndi mabawuti, valavu ikhale kunja. Tayala likakulemerani, likhazikeni pa nsonga ya nsapato n'kulinyamulira m'mwamba pang'ono.

Nati iliyonse iyambe ndi zala, mbali yake yosongoka iloze ku limu. Ikalimba mutangoitembenuza kamodzi, yalowa mopotoka. Ibwezeni, mukaikakamiza ndi sipanala mupha mazinga. Musapake oyilo kapena girizi, chifukwa nati yoterera imamangika mopitirira muyezo ndipo bawuti imatha kuduka. Mangani pang'ono modumphadumpha, nati iyi kenako yoyang'anizana nayo, kuti limu ikhale mofanana mbali zonse. Mukamanga motsatizana, limu imakhala chopendama ndipo manati amakhwefuka muli paulendo. Chotsani tayala lili kunsi lija, tsitsani galimoto, n'kumanga kolimba modumphadumpha momwemo. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimafuna pakati pa 100 ndi 120 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira nati), ndipo mphamvu ya manja anu pa sipanala ya m'galimotomo imakwanira. Osaidumphira ndi mapazi. Mukayenda makilomita 50, imani muyesenso nati iliyonse.

Tikupemphani chinthu chimodzi: zonsezi muziyese kunyumba masana, musanakumane nazo usiku mvula ikugwa. Pamenepo ndi pomwe mudzatulukire kuti chopukusira jeke mulibe, kapena kuti tayala lililonse lili ndi nati imodzi yokiya yofuna kachitsulo kakekake komasulira.

Funso: Manati ndinachotsa onse koma tayala linakana kutuluka. Chinavuta n'chiyani? — *Mayi wowerenga*

Yankho: Amayi, limu inamatirira pachitsulo chapakati chifukwa cha dzimbiri, zomwe zimachitika kwambiri ndi malimu a aluminiyamu omwe atenga nthawi osachotsedwa. Bwezeranipo manati awiri osamanga, kuti tayala lisakudumphireni. Menyani mphira ndi chidendene, kumanzere kenako kumanja, mukulizunguza pang'ono. Zikakanika, bwezerani manati onse ndi zala, abwezeni m'mbuyo kamodzi, tsitsani galimoto n'kuigwedeza cham'mbali. Kulemera kwake kumamatula dzimbirilo. Nyundo isakhudze limu.

Funso: Sipeya yanga ndi yopyapyala kuposa matayala enawo. Ndingayende nayo mpaka liti? — *Wowerenga wanu*

Yankho: Imeneyo ndi yongokufikitsani kokonzetsa. Musapitirire liwiro la makilomita 80 pa ola, monga zalembedwera pa limu yakeyo, ndipo muzikhota ndi kuponda buleki mofatsa poti imagwira msewu pang'ono. Imafuna mpweya wambiri, kawirikawiri 420 kPa (muyezo wa mphamvu ya mpweya m'tayala), pomwe matayala wamba a galimoto yaing'ono amakhala cha m'ma 220 mpaka 250. Muyezo weniweni uli pa kapepala komatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala. Mpweya umathawa pang'onopang'ono ngakhale tayala likungokhala mu buti, choncho muziyeza mwezi ndi mwezi. Onaninso manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT m'mbali mwa tayala: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Sipeya yopitirira zaka 10 isinthidwe ngakhale ikuoneka yatsopano, chifukwa mphira umauma n'kuchita ming'alu. Lakuphwalo likabooka ndi msomali pomwe limaponda msewu, limamatika. Likang'ambika m'mbali, musalole kuti alimate.