Kodi ana anga aonere Rush Hour? Yankho kwa mayi wa ana awiri

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ali ndi mnyamata wa zaka 13 ndi mtsikana wa zaka 8. Amuna awo abwera ndi filimu ya Rush Hour pa fulashi. Akuti iwowo anaionera ali mnyamata ndipo anaseka mpaka nthiti kuwawa, ndiye akufuna banja lonse lionere Loweruka madzulo. Mayiwa akufunsa ngati muli zinthu zimene mwana sayenera kuona kapena kumva.

Mayi, mwachita bwino kufunsa filimuyo isanaikidwe. Maganizo anga ndi akuti mnyamatayo aonere inu muli pomwepo, koma mtsikanayo ayambe wadikira. Chifukwa chake si zibakera za Jackie Chan ayi.

Filimuyi inatuluka mu 1998, anaitsogolera ndi Brett Ratner, ndipo imatenga mphindi pafupifupi 98. Jackie Chan ndi Lee, wapolisi wa ku Hong Kong, pomwe Chris Tucker ndi James Carter, wapolisi wolongolola wa ku Los Angeles. Ku America anaipatsa chizindikiro cha PG-13, chomwe chimachenjeza makolo kuti zina za mkatimo zikhoza kukhala zosayenera mwana wosakwana zaka 13. Zifukwa zimene anapereka ndi ndewu, kuwomberana ndi mawu otukwana.

Akuluakulu tikamakumbukira filimuyi timakumbukira nthabwala, n'kuiwala kuti nkhani yonse yagona pa kubedwa kwa mwana. Soo Yung, mwana wamkazi wa kazembe wa dziko la China dzina lake Han, ali m'galimoto kupita kusukulu, akuimba mosangalala motsatira wailesi. Munthu wovala ngati wapolisi aimitsa galimotoyo n'kuwombera amuna awiri amene amamuperekeza, mwanayo akuona. Iye ayesa kulimbana, athawa, koma amugwira n'kumuponya m'galimoto ina. Chakumapeto kwa filimu timuonanso atamuveka chovala chodzaza mabomba, mtsogoleri wa zigawengazo atagwira kachipangizo kophulitsira.

Mnyamata wa zaka 13 amadziwa kuti m'filimu yoseketsa mwana adzapulumuka basi. Mtsikana wa zaka 8 sawerengera zimenezo. Iye aona mnzake wamsinkhu wosatalikirana ndi wake, wopita kusukulu ngati iyeyo, akulandidwa ndi munthu wovala yunifomu imene inu munamuphunzitsa kuti azithawirako akasochera. Zoterezi sizioneka nthawi yomweyo. Mwana amaseka limodzi ndi anzake pabalaza, kenako usiku n'kukana kugona yekha, kapena Lolemba n'kumakakamira kuti mumuperekeze mpaka pageti. Inu ndi amene mukumudziwa mwana wanuyo, koma ine sindingayesere dala.

Imfa zilimo zingapo. Nyumba ina iphulika apolisi a FBI ali mkati, anthu awomberedwa, ndipo mtsogoleri wa zigawenga afa pogwa kuchokera pamwamba kwambiri. Magazi ndi ochepa, kamera siikhalitsa pa mitembo. Ndewu za Jackie Chan zambiri ndi zozemba, kudumpha ndi kugwiritsa ntchito mipando, moti zimafanana ndi gule. Vuto lake n'lakuti anyamata amafuna kuyeserera pa azing'ono awo.

Chachiwiri chimene chimandidetsa nkhawa chikukhudza mnyamatayo. Pali pamene Carter ndi Lee alowa m'bala yoseweramo pool. Carter apereka moni kwa anzake akuda pogwiritsa ntchito liwu lija loyamba ndi N, limene azungu ankatchulira akapolo ndi zidzukulu zawo pofuna kuwanyoza. Lee, posadziwa kulemera kwake, abwereza moni womwewo kwa wogulitsa mowa, ndipo ndewu ibuka. Pamenepa m'pamene anthu amaseka kwambiri, ndipo mwana amatola msanga mawu amene aseketsa bambo ake. Ana athu amalimva kale liwuli m'nyimbo, amaliona ngati moni wa anyamata otsogola. Chonde imitsani filimu pamenepo, mumuuze kuti liwuli lili ndi mbiri ya zikwapu, maunyolo ndi tsankho, komanso kuti ngakhale pakati pa anthu akuda a ku America alipo ambiri amene safuna kulimva n'komwe. Filimuyo payokha ikusonyeza kuti Lee walakwitsa, koma sifotokoza chifukwa chake. Ntchito imeneyo yatsalira inu ndi bambo ake.

M'bala momwemo muli munthu wina wosuta chamba, Carter n'kumulanda ndudu yakeyo mwanthabwala. N'kanthawi kochepa. Mawu ena otukwana a Chingerezi, aja otchula zakuchimbudzi ndi kumbuyo kwa munthu, amatuluka pafupipafupi m'kamwa mwa Carter. Mulinso nthabwala zoseka anthu a ku China: atangokumana, Carter amukuwira Lee mawu amodziamodzi poganiza kuti samva Chingerezi, ndipo amaseka zakudya zawo. Chabwino n'chakuti wopusa pamenepo amakhala Carter yemweyo, popeza Lee Chingerezi amachimva bwinobwino.

Zachiwerewere m'filimu yoyambayi n'zochepa kwambiri. Palibe wovula, koma Carter amalankhula mokopa kwa akazi, kuphatikizapo wapolisi mnzake Johnson. Chenjerani ndi zotsatira zake, chifukwa fulashi zambiri zimabwera ndi mafilimu onse atatu. Mu Rush Hour 2 ya mu 2001 muli nyumba yosisitira thupi ku Hong Kong momwe Carter amasankha akazi ovala mosadzilemekeza, komanso pena awiriwo amasuzumira mkazi akuvula. Mu Rush Hour 3 ya mu 2007, imene mbali yaikulu imachitikira ku Paris, nthabwala zogonana zachulukiramo. Zonse zitatu zili ndi PG-13 yemweyo, koma sizifanana kulemera.

Funsaninso amuna anu ngati filimuyo ndi yoyambirira kapena yomasuliridwa m'Chichewa. Omasulira athu ali ndi luso, ndipo nthawi zina amaseketsa kuposa eni filimu, koma amaikamo zawozawo. Ena amafewetsa zotukwana, ena amawonjezera mawu akumowa amene m'Chingerezi munalibe. Chizindikiro cha PG-13 chinaperekedwa pa mawu a eni filimu, sichikhudza zimene womasulira wanena. Ndiponso chitukwano cha Chingerezi chimatha kumudutsa mwana osachimva, koma cha Chichewa chimalowa m'khutu n'kukhazikika. Ngati ndi yomasulira, yambani mwaimvera nokha Lachisanu ana atagona.

Loweruka limenelo mtsikanayo mupezereni katuni yake masana, Rush Hour muiike iye atagona. Filimu ikatha musathamangire kuzimitsa. Mayina akamadutsa amaonetsa zimene zinalakwika pojambula, Jackie Chan akuphonya, akubwereza, onse akuseka. Muuzeni mnyamatayo kuti munthu ameneyu analowa sukulu ya masewero ndi kulimbitsa thupi ku Hong Kong ali ndi zaka pafupifupi 7, anakhalamo zaka 10, ndipo ngakhale zili choncho wathyoka mafupa kangapo pojambula mafilimu ake.