Ndani amatumiza asilikali a America kunkhondo?

Achimwene ena a ku Zomba andilembera imelo sabata ino. Akufunsa kuti: "Kodi pulezidenti wa America amangodzuka m'mawa n'kulamula kuti dziko lakuti likaphulitsidwe? Nanga aphungu awo amakhala ali kuti?"

Zikomo achimwene. Malamulo oyendetsera dziko la America amanena momveka kuti mphamvu yolengeza nkhondo ili ndi Congress, nyumba yawo ya malamulo, pomwe pulezidenti ndi mkulu wa asilikali. Koma Congress inalengeza nkhondo komaliza mu 1942, yolimbana ndi Bulgaria, Hungary ndi Romania. Za ku Korea, Vietnam, Afghanistan ndi Iraq zonsezi zinamenyedwa popanda kulengezedwa. Mu 1950 pulezidenti Harry Truman anatumiza asilikali ku Korea osapempha n'komwe chilolezo cha aphungu.

Pofunika kuimapo kwambiri ndi pa Vietnam. Mu Ogasiti 1964 boma la Lyndon Johnson linati zombo zake zankhondo zachitidwa chiwembu kawiri ku Gulf of Tonkin, nyanja ya kufupi ndi Vietnam. Pasanathe sabata aphungu anali atamupatsa chilolezo chochita chilichonse chimene angaone kuti n'chofunika. Ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress, okana anali awiri okha, Wayne Morse ndi Ernest Gruening. Patapita zaka, zinadziwika kuti chiwembu chachiwiricho, cha pa 4 Ogasiti, sichinachitike. Pomwe nkhondo imatha n'kuti asilikali a America oposa 58,000 atafa, ndipo a ku Vietnam omwe anafa anali ochuluka kuposa pamenepo maulendo ambirimbiri.

Atapsa zala, aphungu anakhazikitsa lamulo la War Powers Resolution mu 1973, ngakhale pulezidenti Richard Nixon analikana. Limati pulezidenti akatumiza asilikali kukamenya nkhondo adziwitse Congress pasanathe maola 48, ndipo ngati chilolezo sichiperekedwa pa masiku 60, awabweze. Lamulo labwino ndithu, koma lopanda mano. Mu 2011 ndege za America zinaponya mabomba ku Libya kupitirira masiku 60 aja, boma la Barack Obama n'kumati zimenezo si nkhondo malinga ndi lamuloli poti asilikali ake samamenyana ndi adani pansi. Mukafunse anthu a ku Tripoli, likulu la Libya, ngati iwo ankaona choncho.

Ndiye pali chilolezo cha nkhondo cha mu Seputembala 2001, patangopita masiku atatu chichitikireni zauchigawenga za pa 11 mwezi womwewo. M'nyumba zonse ziwiri anakana ndi mayi mmodzi yekha, Barbara Lee wa ku California. Chinalembedwera omwe anakonza chiwembucho ndi owasunga, koma apulezidenti otsatizana achigwiritsa ntchito ku Yemen, ku Somalia kuno ku Africa, mpaka pomenya gulu la zigawenga la ISIS ku Syria.

Ine kuona kwanga, achimwene, aphunguwo sanalandidwe mphamvuyi, anachita kuitula okha. Kuvotera nkhondo kumasiya dzina lako pa kaundula, ndipo zinthu zikavuta ovota amakumbukira. Hillary Clinton, ali phungu wa ku Senate, anavomereza chilolezo cha nkhondo ya ku Iraq mu 2002, ndipo voti imeneyo inamutsata mpaka pa chipisho cha chipani chake mu 2008, pomwe anagonja kwa Obama amene anatsutsa nkhondoyo kuyambira pachiyambi. Anzake anaona. Kuyambira pamenepo ambiri amakonda kusiyira pulezidenti, iwo n'kumadzadzudzula pa TV mabomba atagwa kale.